Tsiku Limene Nkhuku Zinakhuta Chimanga ku Nachisaka

Loweruka lapitali ndinali kwathu ku Nachisaka m'boma la Dowa, kumwambo wodalitsa chiliza cha malemu a Lazaro Mbewe. Ana awo agwira ntchito yotamandika. Chilizacho n'chooneka bwino, ndipo dzina analilemba mosalakwitsa, chimene masiku ano n'chosowa. Bambo mfumu atawaza madzi odalitsa, panaimirira mdzukulu wa malemuwo, Dalitso, amene ndi mphunzitsi, kuti anene mbiri ya agogo ake.

Iye anati: "Abale, mwamva pa wailesi sabata ino za dziko lina kumene mtsogoleri anapempha kuti malamulo a dziko asinthidwe, amuwonjezere mphamvu, anthu n'kumukanira pa chisankho. Agogo athu sanali otero. M'masiku a Chitaganya, alimi a kuno anawapatsa mphamvu zonse za bungwe lawo, koma iwo anakana okha, amvekere, ine sindifuna."

Amayi analuluta nthungululu. Ine ndinakhosomola. Akazi anga, amene akudziwa bwino tanthauzo la chifuwa choterocho, anandiponda chala.

Pamanda sindinanene kanthu, pakuti ndinaleredwa. Koma inu owerenga mukundidziwa: nkhani yokhota imandisowetsa mtendere. Ndipo iyi sindinachite kuimva kwa munthu. Ndinalipo, ndipo cholembera chinali m'manja mwanga.

Zinali chonchi. M'zaka zimene atsamunda anatimanga mtolo umodzi ndi maiko awiri a Rodeshiya popanda kutifunsa, ife alimi a mtedza a m'midzi yathu tinali ndi kabungwe kathu. Chuma chake chinali chimodzi chokha: ngolo, imene tinasonkherana kuti izitinyamulira matumba kupita nawo kumsika. Ngoloyo inali ya tonse, koma ng'ombe ziwiri zoikoka, Kapitawo ndi Sajeni, zinali za a Lazaro. Iwo ndiwo anali pulezidenti wa bungwe, wosankhidwa chaka ndi chaka. Ine, popeza ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku sekondale ku Zomba, anandiika kukhala mlembi, wosunga kope la malamulo.

A Lazaro anali munthu wabwino, ndipo apa ine ndi Dalitso sitikutsutsana. Ankadzuka tambala woyamba kukanyamula matumba a amayi amasiye, awo akadali pakhonde. Koma misonkhano yathu inkawatopetsa. Chaka china tinakangana masabata angapo za amene ngolo iyambire kwake, mpaka msika wogula mtedza unatsekedwa mabanja ena asanagulitse. Mtedza wawo unachita chuku m'nkhokwe. A Lazaro zinawapweteka ngati unali wawo.

Tsiku lina anandiitana. Anati: "A mlembi, inu mumadziwa kuluka mawu. Lembani kuti kuyambira tsopano pulezidenti yekha ndiye azinena kumene ngolo ipite. Wovuta azimuchotsa m'bungwe popanda kuitana msonkhano. Ndipo zosankhana chaka ndi chakazi zithe, mpaka pulezidentiyo adzanene yekha kuti watopa."

Mwamva, owerenga? Palibe anawapatsa mphamvuzo. Anachita kuzipempha. Ndipo ine ndinalemba, m'mawu osalala kwambiri, moti mpaka lero ndimavomereza kuti ziganizo zake zinali zokongola.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero, tinasonkhana pansi pa mtengo wa muwanga pafupi ndi kasukulu ka mishoni. Amayi analipo ambiri, pakuti minda kwathu kuno n'ja amayi. Ndinawerenga malamulo atsopanowo kawiri. A Lazaro anaimirira n'kufotokoza za mtedza wa chuku uja, anthu n'kumagwedeza mitu. Potsiriza anawonjezera mawu amene ndiyenera kuwalemba pano ngakhale sakukoma: "Koma mudziwe kuti mukandikanira, ng'ombe zanga zatopa."

Aliyense ankadziwa kutalika kwa njira ya kumsika, ndi kulemera kwa thumba la mtedza pamutu pokwera zitunda zathuzi.

Ndinati: "Amene mukuvomera, kwezani mkono."

Mikono inayamba kukwera pang'onopang'ono, uku eni ake akuyang'ana pansi. Pamenepo anadzuka a Filipo, mmisiri wa matabwa amene anali atangobwera kuchokera ku Halale. Iwo anali msuweni wa a Lazaro, ndipo mukudziwa kuti kwathu msuweni amanena zimene mfumu ingaope kunena.

"Taimani kaye, a mlembi," anatero. "Asuweni angawa ali ndi maso ngati a Kapitawo. Akakuyang'ana, mkono umakwera wokha mwini wake asanauuze. Ku Halale, m'bungwe lathu loikana maliro, tinkaponya mobisa. Bweretsani mtsuko."

A Lazaro anaseka. "Inu asuweni, ku Halale munabwerako ndi chipewa chokha, lero mukufuna kutiphunzitsa kayendetsedwe ka zinthu? Bweretsani mtsukowo. Anthu anga ndimawadziwa."

Ambiri sankadziwa kulemba, choncho tinagwirizana motere. Aliyense apatsidwe njere imodzi ya chimanga ndi njere imodzi ya mtedza. Apite yekha kuseri kwa sukulu, kumene tinaika mtsuko wa pakamwa pang'ono. Wovomera aponye chimanga, wokana aponye mtedza. Ndinakhutira kuti chinsinsi chatetezeka, ndipo ndinatero pamaso pa onse.

Chimene sindinaganizire, ndi maphunziro anga onse, ndi njere yotsala m'manja.

Munthu wa ku Dowa akatsala ndi njere ya mtedza m'manja, amaitani? Amaiponya m'kamwa. Nanga akatsala ndi njere ya chimanga chouma, chimene mano sangachithe? Amaitaya. Ndipo pabwalo la sukulupo pankayenda nkhuku za aphunzitsi.

Woyamba atatuluka kuseri kuja, thadzi limodzi linathamanga n'kujompha pansi. Palibe anasamala. Wachiwiri atatuluka, linajomphanso. Pofika pakati pa mzere, nkhuku zonse za aphunzitsi, ndi tambala yemwe, zinali zitasonkhana pangodya ya sukulu, n'kumalondola aliyense wotuluka ngati mwana wolandira mayi wochokera kumsika. Anthu anayamba kuluma milomo. Wina anabisa nkhope m'chitenje.

Ndinaona a Lazaro asiya kuyang'ana nkhuku, ayamba kuyang'ana nsagwada za anthu. Ankafuna otafuna. Anali ochepa.

Ndipo popeza ndalonjeza kuwongola nkhani, ndiwongole ndi ya ine ndemwe. Nditatuluka kuseri kuja, ndinkatafuna. A Filipo anafuula: "A mlembi, mtedzawo wakoma?" Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Pali ena amene pa zaka zonsezi akhala akunena kuti ine ndinali m'gulu la okana. Ndikuwathokoza chifukwa cha chifundo chawo, koma si zoona.

Womaliza kuponya anali a Nabanda, akazi awo a a Lazaro. Iwo sanatafune, ndipo sanataye kanthu. Anadza atafumbata dzanja, nkhuku zikuwatsata, nagwada pamaso pa amuna awo monga mwa ulemu. Anatambasula chikhato cha a Lazaro n'kuikamo njere ya chimanga.

"Bambo a Sofiya," anatero, ndi mawu otsika koma omveka, "ine ndimakudziwani. Mukadzuka ndi mkwiyo, ndimakusiyani mpaka dzuwa likwere, kenaka mumakhala munthu. Nanga bungwe lizikudikirani kuti dzuwa likwere? Komanso zimene awerenga a mlembizi sizikuti Lazaro, zikuti pulezidenti. Mawa akadzakhala wina?"

Titakhuthula mtsuko pa mphasa, chimanga chinakwana m'chikhato changa chimodzi. Mtedza unadzaza chipewa cha ku Halale chija.

A Lazaro anavala chipewa chawo n'kunyamuka osatsanzika. Masabata awiri, Kapitawo ndi Sajeni ankadya msipu kudambo, ngolo ili duu pansi pa muwanga. Msika unali utatsegulidwa. Amayi ena anayamba kusenza matumba pamutu, ndipo ndinawaona akutsetsereka nawo kumtsinje, makosi atauma. Koma palibe anapita kukapepesa. Palibenso anawanyoza. Akakumana nawo panjira ankawapatsa moni waulemu monga kale.

Ine ndiye ndinapita, ndili ndi nzeru ya m'mabuku. Ndinawapeza akukonza goli pakhonde. Ndinati: "A pulezidenti, chisankho chija chikhoza kufafanizidwa. Chinayenera kukhala cha chinsinsi, koma nkhuku zinaulula. Tikhoza kuitanitsa china, chokweza mikono."

Anandiyang'ana. Kenaka anati: "A mlembi, nkhuku sizinaponye. Zinangodya." Anapitiriza kupala goli lija, ndipo patapita kanthawi anawonjezera: "Timadandaula tsiku ndi tsiku kuti azungu sanatifunse za Chitaganya chawochi. Ine ndinafunsa. Ndikakana yankho, ndisiyana nawo pati?"

M'mawa mwake tinamva magudumu akulira. Ngolo inadutsa nyumba yanga, ine amene ndinawavomera, n'kukaima pakhomo pa a Filipo.

"Asuweni, tulutsani matumba anu, ngati mtedza wina unatsalako mutatha kukanira anthu."

"Mwabwera ngati pulezidenti, kapena ngati woyendetsa ngolo?"

"Ndabwera ngati msuweni wa chitsiru. Fulumirani, dzuwa likukwera."

Chaka chimenecho palibe mtedza umene unachita chuku. Ndipo nthawi ya chisankho itakwana, anthu omwewo anawasankhanso a Lazaro, mumtsuko womwewo, aphunzitsi atatsekera nkhuku zawo m'khola. Anawasankhanso chaka chinacho, ndi chinacho. Misonkhano inapitirira kutalika, iwo n'kumadandaula, koma kope la malamulo silinasinthe.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikuvuta ndi nkhani ya anthu amene ambiri anatsikira kulichete?

Tili ndi chizolowezi ife chochapa akufa athu mpaka kuwasandutsa angelo. Timachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo sindikuzinyoza. Koma sopo wochuluka amachotsa ndi maluwa a nsalu omwe. Nkhani ya Dalitso, ngakhale inakoma m'makutu, inalanda anthu a mbali ziwiri. Inalanda amayi aja amene anasankha kusenza matumba pamutu m'malo mopereka mawu awo. Inalandanso a Lazaro eni ake, pakuti ukulu wawo sunali pa kusafuna mphamvu. Anazifuna, anakanidwa pamaso pa anthu ndi pa nkhuku, anakwiya masabata awiri, kenaka anamanga ng'ombe pagoli.

Mtsogoleri wosalakalaka mphamvu sindinamuonepo, ndipo ndakhala zaka zambiri. Ndaona apampando a makomiti a sukulu, a mijigo, a mipingo, ngakhale a makwaya, akufika tsiku lonena kuti misonkhano ikuchedwetsa ntchito. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Kawirikawiri amakhala anthu olimbikira, amene ng'ombe zokoka ngolo ndi zawo. Kukanira munthu woipa n'kosavuta. Kovuta n'kukanira munthu amene mumamukonda, amene anakunyamuliranipo matumba, n'kumupatsabe moni mawa lake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sananene kuti pokhapokha mutuwo ukhale wanzeru.

Mwambo utatha, anthu akumwa thobwa, ndinamuitanira Dalitso pambali n'kumufotokozera zonsezi. Nkhope yake inagwa.

"Agogo, ndiye mukuti agogo anga anali okonda mphamvu?"

"Ndikuti anali munthu, mdzukulu wanga. Ndipo ndikuti anali wamkulu kuposa amene wamutamanda pamanda paja."

Anazunguza chikho m'manja. Kenaka anayamba kuseka, mpaka thobwa linatayikira pa nsapato zake.

"Ndiye n'chifukwa chake! Tili ana, agogo aamuna akayamba kulamula kwambiri pakhomo, agogo aakazi sankayankha. Ankangolowa m'nyumba, kutenga njere imodzi ya chimanga, n'kuwaikira pa bondo. Iwo n'kungoti, chabwino, Nabanda, ndamva. Ife tinkayesa ndi mankhwala!"

Zimenezi ndiye ine sindinkazidziwa, ndipo ndazilemba monga anandiuzira, osakonzamo kanthu.

Za mtsogoleri wa dziko lakutali uja sindidziwa zambiri. Wailesi yatiuza kuti anthu ake amukanira, ndipo ndikuwaombera m'manja. Koma ine amene ndinaona ngolo itaima masabata awiri pansi pa muwanga ndikudziwa kuti nkhani siithera pa kukhuthula mtsuko. Ndikudikira kumva ngati magudumu alira, ndi khomo limene ngoloyo ikayambire kuima.

Nanga inu, pa komiti yanu ija, tsiku limene wapampando wanu wokondedwa adzati misonkhano yamutopetsa, mudzatuluka kuseri kwa sukulu mukutafuna, monga ndinachitira ine, kapena nkhuku zidzakutsatani?