Sitampa ya Abiti Saidi imene a positi anaikana

Lachiwiri lapitali ndikupita kumsika kuno ku Monkey Bay, mnansi wanga Abiti Saidi anandiimitsa. Miyendo ikuwavuta masiku ano, ndiye anandipatsa kalata kuti ndikawaponyere. Inali yopita kwa mwana wawo Yusufu, amene anapita ku Joni kalekale, kumudzi sabwera.

"Sitampa ndamata kale, amake Joyce," anatero. "Ndasankha yokongola kuti aione msanga."

Inalidi yokongola. Yaikulu kuposa zathuzi, ndipo panali mayi atanyamula nyali m'mwamba, kumbuyo kwake mzinda wonse ukuwala. Koma kalaliki wa positi anaiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mayi, iyi siyenda. Palibe mtengo wake. Mwaitenga kuti?"

Khadi la chipani linali m'chikwama, koma sindinafune kuti andifunse zambiri. Ndinatenga kalata ija n'kubwerera.

Ndinapeza amuna a Abiti Saidi, Che Bwanali, ali pakhonde, buku lalikulu losungiramo sitampa pamiyendo, chala chili pamalo opanda kanthu. Akazi awo anaichotsa sitampa ija m'bukumo bambo ali ku mzikiti.

"Abiti, mukanagulitsa mbuzi yanga bola."

"Zadzaza buku lonse, zingokhala ngati apongozi. Imodzi yokhayi mpaka kukana phala?" anayankha Abiti Saidi.

Bambo anawauza kuti ateleke ketulo, nthunzi imatule sitampayo isanawonongeke. Podikira madzi, anandipatsa mpando n'kuyamba kunditsegulira masamba.

Anzanga, ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma tsiku limenelo ndinayenda maiko nditakhala pampando. Che Bwanali ankaperekera zakudya m'sitima yapanyanja. Mzungu wina wapaulendo anawapatsa sitampa zoyamba, zina anazipeza posinthana ndi alendo kufikira atapuma ntchito. Akuti kale kunja kunkachitika zionetsero zikuluzikulu, maiko onse kubwera ndi zimene apanga. Ine ndimadziwa chionetsero chathu cha zaulimi, cha maungu ndi atonde. Izi zinali zina.

Pa kapepala kosakwana chikhatho cha mwana panali nsanja yachitsulo yogunda mitambo. Pena chindege chonenepa ngati kampango chikuyandama pamwamba pa nyumba. Pena nyumba yagalasi yokhayokha, anthu ovala zipewa akulowamo ngati nyerere. Ya ku Falansa, ya ku Beljiyamu, ya ku Jeremani. Zina akuti zinasindikizidwa nkhondo zazikulu zija zisanayambe, koma utoto wake ngati wa dzulo.

Ndinangoti chamumtima, Ambuye, nzeru zonsezi munapatsa anthu ndinu. Amene anajambula anamwalira. Zionetserozo zinaphwasulidwa. Koma kapepala kaja kanaoloka nyanja zamchere, kanapulumuka chiswe ndi chinyontho cha kuno, kuti ine mayi wokazinga zitumbuwa ndidzakaone ndi maso angawa. Ndingalephere kuthokoza?

Ifetu tili ndi chizolowezi. Chinthu chikafika m'manja timafunsa kuti ntchito yake n'chiyani, chikapanda kuyankha timakulungira usipa kapena kuyatsira mbaula. Inenso ndakulungira mandasi m'mapepala ambiri osayang'ana n'komwe chimene chinalipo. Munthu wosunga zinthu zotere timati alibe chochita. Kodi ndi zingati zimene ana athu akanaziona, ife tinaziotcha pofuna kuti tiyi afulumire?

Komabe funso lomwelo linandituluka pakamwa. "Nanga Che Bwanali, ngati sizinyamula kalata, ankapangiranji?"

"Kuitana anthu," anayankha. "Ankazimata pa envelopu pambali pa sitampa yeniyeni, kuti aliyense woigwira adziwe kuti kwakuti kuli chionetsero. Zilankhulo n'zosiyana, koma zonsezi zikunena chimodzi: bwerani mudzaone."

Abiti Saidi anali ataima pakhomo, ketulo ikufuka m'manja.

"Ndiye ndalakwa chiyani? Inenso ndikuitana."

Bambo aja anatenga envelopu, n'kuyang'ana dzina la mwana wawo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mayi wa nyali uja.

"Ali mwana ankaikonda imeneyi," anatero motsitsa mawu. "Ndinkamumenya dzanja akafuna kuigwira."

Anatseka buku.

"Madziwo pangani tiyi, Abiti. Amake Joyce, mukagule ya boma mumate pambali pake. Iyi isiyeni ipite."

M'mawa mwake ndinakaiponya. Kalaliki anadinda ya boma yokha, inayo anailambalala mosamala.

Sindikudziwa ngati Yusufu abwere. Tikumupempherera, iwo ku mzikiti, ine kutchalitchi. M'buku muja malo aja akadali opanda kanthu, ndipo Che Bwanali akana kuikapo ina. Akuti mwini wake adzaibweretsa yekha.

Inu amene muli kutali, kalata ya kwanu ikafika, mumayang'anako chimene amayi anu anamata pamwamba?