Mpando Wogwedera wa Aphunzitsi

Aphunzitsi a m'nyumba yapakona anapuma ntchito kalekale, koma ana a sukulu sasowa pakhomo pawo. Mwana akasowa chosankha pa ntchito yoti aphunzire, makolo amapita naye kumeneko. Mayiwa safunsa kuti, "Ukufuna kudzakhala ndani?" Amati funso limenelo amayankha ndi makolo, mwana amangobwereketsa pakamwa. M'malo mwake amakusiya dala pabalaza, ati akukafuna magalasi, n'kumakusuzumira pakatani. Pabalazapo pali wailesi yakufa, makina osokera, mabuku ndi mpando wogwedera. "Munthu akatopa n'kudikira, manja ake sanama," amatero.

Tsiku lina bambo wina wa kubanki anabwera ndi mwana wake wamkazi, atamusankhira kale udokotala. Aphunzitsi atawasiya pabalaza, mtsikanayo anangokhala, manja pamiyendo. Koma bamboyo, mpando uja utamugwedeza, anavula jekete, n'kuutembenuza, n'kuyamba kuukonza akuimba mluzu.

Aphunzitsi anatulukira.

"Mwanayu sindinamuonebe," anatero. "Koma inu bambo, anakuchotsani ndani pa ukalipentala?"

Mluzu unathera pomwepo.

"Malemu bambo anga," anayankha motsitsa mawu. "Ankati ndi ntchito ya olephera."

Anauyang'anitsitsa mpandowo, kenako anatembenukira mwana wake.

"Iwe, za udokotalazi, unayambitsa ndiwe kapena ndine?"

"Ndinu, adadi."

"Basi, ine ndikhala panja. Uwauze aphunzitsi zakozo."

Anatuluka atanyamula mpando uja. Ali pakhomo anacheuka n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli hamala.