Ndinayesa 1.9 Ndi Wamkulu Kuposa 1.10

Ndine mphunzitsi wa masamu ku Msumba, ndipo ndikuvomera kuti nambala ndi zomwe zinandigwetsa. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Bungwe lina la ku Lichinga limathandiza ana a asodzi kupitiriza sekondale. Chaka chatha linati mayina azitumizidwa pa intaneti basi. Popeza ndimadziwako kompyuta, a diretola a sukulu yathu anandipatsa ntchitoyo. Pa tsamba la bungwelo panali zikalata ziwiri zofotokoza kalembedwe ka mayina ndi masiku obadwa kuti makina awo awerenge. Dzina linali limodzimodzi, kusiyana kumapeto kokha: china 1.9, china 1.10.

Inu owerenga, mukanasankha chiti? Ine amene ndimakalipira ana tsiku lililonse kuti ziro wa kumapeto kwa kadontho alibe ntchito, ndinati 1.10 ndi 1.1 yemweyo, ndiye kuti ndi chakale. Sindinachitsegule n'komwe. Ndinatsatira 1.9 mzere ndi mzere, masiku atatu, ana makumi awiri ndi anayi. Tsiku lotsekera ndinapita ku Metangula kumene netiweki imagwira bwino, ndinatumiza, n'kubwerera ndikuimba mluzu.

Patatha sabata yankho linabwera m'Chipwitikizi kuti makina akana mndandanda wonse. Ndinaimba foni nditalusa. Mayi amene anayankha anandiuza modekha kuti pa zikalata zotere kadontho si ka masamu, kamangolekanitsa nambala ziwiri. Akakonza chikalata kachisanu ndi chinayi amalemba 9, kachikhumi amalemba 10. Mu 1.10 anali atasintha kuti chaka chobadwa chiziyamba, tsiku kumapeto. Ndinafunsa chifukwa chomwe anasiyira chakalecho pa tsamba, osalembapo ngakhale liwu limodzi loti chinatha ntchito. Iwo anati amasunga zonse, ndipo tsiku lotulutsira lili pa tsamba loyamba mkatimo. Ndinapempha, ndinachonderera, koma malo anali atadzaza ndi ana a ku Cobue ndi kwina.

Chimene sindidzaiwala ndi bambo ake a Rosa, mtsikana amene ankakhoza kuposa onse. Anabwera kusukulu ali ndi mamba a usipa m'manja. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Aphunzitsi, mwanayu ndimuuze kuti walephera chiyani?" Rosa chaka chino akuthandiza amayi ake kuyanika nsomba, kudikira kuti tidzayesenso.

Anthu a ku Lichinga aja ndimawakwiyirabe, chifukwa kulemba kuti "chakale" sikukanawathyola dzanja. Koma wolakwa wamkulu ndine. Inu owerenga, mukapeza zikalata zofanana dzina, tsegulani zonse, onani tsiku lomwe zinatuluka, ndipo musadikire tsiku lotsekera. Mukakayika imbani foni mufunse, ngakhale muli aphunzitsi. Kufunsako kukananditengera mphindi ziwiri zokha, koma kusafunsa kwamutengera Rosa chaka chathunthu.