Jekete la Achimwene Grain

A Malizani, osoka nsapato pakhonde la golosale ina kuseri kwa msika wa Kawale, anali ndi mdani mmodzi yekha: madzi. Ena amadana ndi apongozi, ena ndi eni nyumba za lendi, koma iwo madzi basi. Ankati anthu a m'tauni muno ali ndi nthenda imodzi, chinthu chikangoda pang'ono amathamangira beseni ndi sopo, ngakhale chikhale chikopa.

Anachoka ku Dowa ali mnyamata kutsatira mkulu wawo, a Grain, ndipo anayamba ndi kupolisha nsapato za anthu opita kuntchito. Kaunjika atasefukira m'misika, anyamata a ku Biwi ndi ku Area 23 anayamba kuwabweretsera majekete achikopa kuti awasokere zipi. Jekete lililonse linkabwerera kwa mwini wake ndi ulaliki waulere.

"Chikopa ndi khungu, aphwanga. Chikanyowa, chiumitseni pamthunzi. Osachitsekera m'jumbo, chimafuna mpweya. Mukachisamala, chidzakuikani m'manda ndi chimenechi."

Anyamatawo ankangogwedeza mitu, dzinja likatha n'kubweranso ndi majekete a chuku, onunkha ngati mbuzi yonyowa. A Malizani ankapsa mtima, koma ankawakonzerabe.

Jekete limene linali pamtima pawo silinali la kaunjika. A Grain analigula ku Joni nthawi ya Wenela, akugwira ntchito m'migodi, lofiirira, la chikopa chofewa chija amati suwedi, chimene ukachisisita ndi dzanja chimasintha mtundu. Linapita ku maukwati, linagona pa maliro, linagwira ulonda ku Area 47 m'mphepo ya mwezi wa Juni, koma linali lisanalowepo m'beseni. Mvula ikatha a Malizani ankalitenga, kulipesa ndi burashi youma, pamene pagwera mafuta n'kuwazapo ufa woyera kuti uyamwe. Kolala yokha ankaisiya. Inali yakuda bii, yosalala ndi thukuta la pakhosi pa a Grain, ndipo inkamveka fodya wawo ndi utsi wa mbaula ya kuulonda.

"Apa bwanji suchotsapo?" a Grain ankafunsa.

"Apa ndi inuyo, achimwene. Ndikachotsapo likhala jekete la aliyense."

"Basi, ndikadzapita ndi lako. Wina angaliphe."

A Grain anapitadi mu Okutobala wa 2005, kunyumba kwawo ku Chinsapo, dzuwa likuswa mtengo. Ataika maliro, abale anakhala pansi kukamba za katundu. Mwambo wake ndi wodziwika: zovala za malemu zimayamba zachapidwa, kenaka n'kugawidwa. Ntchitoyo inali m'manja mwa a Felesita, mlongo wawo wamkulu, amene anabwera kuchokera kumudzi, mayi woti akanena kuti mawa ndi Lachiwiri, kalendala imachita kusintha yokha.

A Malizani anawatengera pambali, kuseri kwa bafa.

"Achemwali, zonse chapani, koma jekete lija lisakhudze madzi. Ndilipukuta ndekha."

"Upukute? Thukuta la munthu wakufa limapukutidwa?"

"Chikopa chimenechija madzi chimadana nawo. Chidzauma gwa."

"Malizani, dothi la pamanda silinaume, iwe maso ali kale pa jekete. Ukufuna kuvala mzimu wa m'bale wako? Ukayamba kudwala anthu adzaloza ine."

A Malizani anayamba kulingalira njira ina. Akanatha kulipinda n'kuliponya m'chikwama chawo, koma munthu wozembetsa chovala cha malemu mwambo usanachitike dzina lake limadziwika, ndipo mfiti sichedwa kubadwa pa maliro. Anapita kwa alamu awo a Ireen, mkazi wa malemu, kukawapempha kuti aikepo mawu. A Ireen anali khale pamphasa, maso otupa, ndipo anangogwedeza mutu monga ankachitira kwa aliyense wobwera kudzapepesa. A Malizani analikoleka jeketelo kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, n'kuliphimba ndi chitenje, kudzinamiza kuti amayi ochapa zovala akatanganidwa aliiwala.

M'mawa mwake a Malizani anatumidwa kukaperekeza abale a ku Dowa kudepoti. Minibasi inakana kudzaza, kondakitala akungokuwa kuti watsala mmodzi, chonsecho mipando ili mbee. A Malizani ankangoyang'ana dzuwa likukwera, mtima uli m'mwamba, koma kusiya amalume okalamba pa depoti sikukanatheka.

Pobwerera analiona jekete lija ali patali. Linali pawaya, pakati pa malaya ndi mathalauza, manja ali tambalale, dzuwa la masana likuliwotcha. Amayi ochapawo sanachite ulesi ayi. Analiviika m'sopo waufa, kulimenyetsa pamwala, kulikwecha ndi burashi yochapira, kenaka kulifinya awiriawiri, wina uku wina uku. A Malizani atalikhudza linali kale gwa, ngati chikumba choyanika pa denga. Mtundu wofiirira uja unatsala m'beseni, mapewa anakwinyika, manja anafupika moti ngakhale mwana wa sukulu sakanalowa.

Anafuna kukalipa. Koma akalipira yani? Amayiwo manja anali atatuwa ndi sopo, atagwira ntchito ya m'bale wawo ndi mtima wonse. Madzi akatayika saoleka. Anangoima pamenepo, akudziimba mlandu kuti bola akanalola kutchedwa mfiti.

Madzulo abale anakhala pabwalo kugawa. Malaya anapita kwa adzukulu, nsapato kwa amalume ena, wailesi inatsalira a Ireen. A Felesita anatenga jekete lija, analephera kulipinda, ndipo analinyamula choncho ngati thabwa, n'kuliika pamiyendo pa mlongo wawo.

"Nali, Malizani. Malemu ananena kuti ndi lako, palibe akukulanda. Unkadandaula chabe, taona momwe layerera. Pakolala paja ndiye panativuta, koma ndinakwechapo ndekha mpaka litsiro lonse linachoka."

Ananena zimenezi monyadira, akuyembekeza zikomo.

"Zikomo, achemwali," anatero a Malizani.

Lero jeketelo lili pamsomali, pakhonde paja pa Kawale. Anayesa kulifewetsa ndi nthunzi, kulipotokola ndi manja, kulipesa ndi burashi yawo youma, koma chikopa chikafa chafa. Anyamata obwera ndi majekete a kaunjika amaseka, amati madala amatiphunzitsa kusamala chikopa pamene lawo lili chonchi. A Malizani ulaliki uja anausiya. Pakakhala palibe kasitomala amalitsitsa, n'kuika mphuno pakolala, kufunafuna fodya ndi utsi wa mbaula. Pamangomveka sopo.