Chibwenzi ndi Woyesa Mafoni

Anzanga, tsiku lomwe ndinakumana naye, foni yanga inali yomanga ndi labala wa m'tsitsi.

Ndinali pa kabenchi ka okonza mafoni, foni n'kuyamba kulira. Poti ndiyankhe, labala anaduka, chivundikiro uko, batire n'kukagwera pa nsapato ya mnyamata wina.

Analitola, n'kuliyang'ana ngati dokotala.

"Asisi, imeneyi musakonzetsenso. Kaiikeni m'manda mwaulemu."

Ine ndi digiri yanga yonse ndinaseka mpaka mano onse pamtunda. Kulakwa kunayambira pamenepo.

Anali woyesa mafoni. Amene simukuidziwa ntchitoyi, imayenda chonchi: munthu wamkulu ndi ndevu zake amatsegula katoni pang'onopang'ono ngati akuvula khanda thewera, kenako n'kuuza anthu pa intaneti kuti "kamera iyi ndi yoopsa!" Sabata yamawa foni ina, yoopsanso. Zonse ndi zoopsa. Ma followers ake amamutcha Katswiri. Inenso ndinkamutcha choncho, poyamba monyoza, kenako... basi, mukudziwa.

Chikondi chinakoma, ndisaname. Ankandijambula ngati mawa kulibe.

"Ima apa bebi, dzuwa likumenye kumaso."

Ndinkaima.

"Tsopano pamthunzi. Tsopano thamanga pang'ono."

Ndinkathamanga, anzanga! Mumtima ndikuti mwamunayu sakhuta kundiona. Achemwali anga, omwe ndimakhala nawo, ankangoti, "Iwe, ameneyu akukonda iweyo kapena akuyesa kamera?" Ine ndinkati ndi nsanje.

Tsiku lina kampani ina inandikana ntchito yomwe ndinaidikira miyezi itatu. Ndinadzitsekera m'bafa n'kumutumizira voice note. Ndinalira momwemo, mamina ndi zonse. Ndinati ndatopa, ndikuchita manyazi, ndipo ndi iye yekha amene ndingamuuze zimenezi.

Anayankha ndi kamtima kofiira.

Patatha sabata, mnzanga wa ku koleji ananditumizira vidiyo. "Aise, mawuwa si ako awa?"

Mafoni awiri patebulo, Katswiri akumwetulira.

"Tiyeni timve kuti sipika yabwino ndi iti."

Anadina. Ndinamva kulira kwanga. Anadina foni yachiwiri, kulira komwe kuja.

"Mwamva? Pa iyi ngakhale kufwenthera kukumveka bwinobwino!"

Anthu masauzande anali ataonera kale. Wina analemba pansi kuti, "Bezi ya mayiyu ndi yabho."

Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

"Koma bebi, dzina lako sindinatchule," anatero. "Ndiye mawu a munthu akulira ndi amene amayesa sipika bwino, amakwera n'kutsika."

Ndinamubuloka paliponse.

Loweruka masana, gogogo pachitseko. Ndi iyeyo, nkhope yogwa, malaya osasita.

"Fikani, alamu a mafoni," anatero achemwali.

Mipando yonse anaisiya, n'kukakhala pa kampando kolimba ka pakona, pafupi ndi soketi. Ndinati eya, akudzilanga.

"Ndingachajeko? Yathimiratu."

Analumikiza foni, n'kuyamba kupepesa. Anapepesa, anzanga. Anati vidiyo ija aichotsa. Anati kuyambira tsiku lija chakudya sichikulowa. Anafotokoza za ubwana wake, zoti kwawo palibe ankauza mnzake kuti pepa. Tiyi anamwa makapu awiri, munthu yemwe chakudya sichikulowayo.

Achemwali anakhosomola. Iye sanasunthe. Achemwali anasesa mozungulira mapazi ake. Iye anangokweza miyendo. Achemwali anatsegula chitseko n'kunena kuti, "Kunjaku kwachita mitambo, alamu, mvula ingakupezeni panjira." Iye anangoti, "Ndikhalabe pang'ono, alamu. Sindingachoke chonchi."

Sindingachoke chonchi! Mtima wanga wopusawu unayamba kusungunuka. Ndinati munthu wopirira tsache la achemwali ndiye kuti akundifunadi. Mwina tonse timalakwitsa. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndinene kuti chabwino, tiyambirenso...

Foni inalira kuti tii!

Anadzambatuka, kuyang'ana wotchi, n'kutulutsa kabuku m'thumba.

"Mphindi fote seveni! Kuchokera pa ziro mpaka handiredi! Kwathu magetsi azima kuyambira m'mawa, ndimaopa kuti review ya lero ilephereka." Analemba, kenako n'kundiyang'ana. "Umati chiyani bebi?"

"Ndimati musaiwale chaja."

Anzanga, munthu amene chilichonse amachipatsa malikisi, musamupatse misozi yanu. Adzakuuzani kuti ikumveka bwino.

Anakulunga waya wake mosamala, mmene sanagwirirepo dzanja langa ndi kamodzi komwe. Pakhomo anatembenuka.

"Soketi yanu ndi yamphamvu, alamu."

Achemwali anatseka chitseko, n'kupita pakona paja kukaizimitsa.