Mawu Amene Anasudzulira Mlamu Wanga

Mawu a Chingerezi amene ndimadana nawo mpaka lero ndinawamva koyamba pabwalo la kwathu ku Lifidzi, tsiku limene tinasudzula mlamu wanga. Anawatchula ndi achimwene anga aakulu, amene amagwira ntchito ku Tete pakati pa azungu a migodi. Chiyambireni kudya nawo patebulo limodzi, satha kumaliza nkhani osaponyamo Chingerezi. Ife kuno tinaphunzira Chipwitikizi, ndiye akalankhula Chingerezi palibe wowatsutsa, ndipo iwo amadziwa zimenezo.

Mlamu ndikunenayu anali mkazi wa mlongo wanga wachiwiri. Kwawo ndi ku Domwe, kwathu anabwera pachitengwa, ndipo mwana sanakhale naye. Chaka chachitatu cha ukwati wawo amayi athu anagwa kudimba, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Obadwa m'mimba mwa amayi tinalipo anayi. Koma wowasambitsa, wowamwetsa phala, wochapa makapulana awo, nsalu zawo zovala, oipitsidwa kumtsinje nthawi yozizira, madzi akuluma zala, anali mwana wa eni akeyu. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndimaphunzitsa ku Ulongwe. Ndinkabwera Loweruka ndi shuga ndi sabau wochapira, n'kumadziyesa mwana wabwino.

Mlongo wangayo anadwala masiku ochepa n'kumwalira. Titameta maliro, akuluakulu anasonkhana kuti asudzule mkazi wake. Kusudzula ndi kumasula wamasiye, kumuuza kuti imfa yathetsa ukwati, akafuna kukwatiwanso njira ili yoyera. Mwambo sunena kuti achoke ayi. Mabanja ena amati, “Khalani, pano ndi panu.” Koma achimwene anali ataliwerengera kale dimba la kachewere limene malemu ndi mkazi wake ankalima, ndipo anali ndi mnzawo wa lole wokonzeka kumanyamula matumba kupita ku Tete.

Achimwene anaimirira, n'kukonza jekete.

“Alamu athuwa,” anatero, “ali ndi chinthu chimene Chichewa chathu chikuperewera kuchitchula. Azungu amati cordiality.”

Kenaka anatiphunzitsa ngati tili m'kalasi. Anati mawuwa anachokera ku Chilatini, kumene cor ndi mtima, muzu womwewo umene unabala coração wa Apwitikizi. Anati kale azungu ankatchula choncho chakumwa chotsitsimutsa mtima wa wodwala, kenaka mawuwo anasamukira kwa munthu wa mtima wofunda, wolandira anzake ndi nsangala. Abambo aang'ono, amene sadziwa n'komwe kulemba dzina lawo, ankangogwedeza mutu. Ndipo pomaliza, ndi mawu ofewa omwewo, achimwene anati munthu wa mtima wotere n'kulakwa kumumangirira pamudzi wa eni, abwerere ku Domwe akapume.

Chichewa chikuperewera! Kukoma mtima tili nako, chifundo tili nacho, umunthu tili nawo. Achimwene anawathawa mawu amenewa dala, chifukwa sungauze munthu kuti ali ndi umunthu kenaka n'kumuloza njira, anthu osakuyang'ana kumaso. Anafuna mawu amene palibe aliyense pabwalopo akanatha kuwayesa kulemera kwake.

Ine mawuwo sanali achilendo kwenikweni kwa ine. Mbale wake wa Chipwitikizi ndimamuona pansi pa makalata a ku maofesi, cordialmente, atangomaliza kukukanira chimene unapempha. Patapita masiku ndinafunsa apulofesola a Chingerezi kusukulu kwathu. Anatsegula buku lawo la mawu, n'kundiuza kuti achimwene sananame za kumene mawuwo anachokera. Koma anawonjeza kuti masiku ano umawapeza kawirikawiri pamene atsogoleri awiri osamwerana madzi akumana, agwirana chanza, ajambulitsa, aliyense n'kupita kwake. Ulemu wa patali. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Koma mkwiyo wanga suthera pa achimwene. Pabwalo paja ndinalipo, mkazi wamkulu, wa malipiro anga, wa pakamwa posagonja kusukulu konse. Sindinayankhule. Ndinkadziwa kuti ndikangoti “Ayi,” achimwene atembenuka n'kunena kuti, “Chabwino, popeza uli ndi chifundo chotere, atenge ndiwe amayi ndi alamu omwe, ukakhale nawo ku Ulongwe.” Ndinaganiza za zipinda zanga ziwiri, ndi fungo la m'chipinda cha amayi, n'kuyang'ana pansi.

Mlamu anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu.

“Ndamva, alamu. Zikomo,” anatero. “Nanga amayi?”

“Musadandaule, tipeza munthu wantchito,” anayankha achimwene.

Munthu wantchitoyo anali asanapezeke, choncho ndinapempha masiku kusukulu kuti ndikhale ndi amayi. M'mawa wa tsiku lonyamuka, abale ake akumudikira panja ndi katundu pa njinga, mlamu anandigwira dzanja n'kulowa nane kuchipinda. Amayi anali m'tulo. Anandionetsa pogwira powatembenuza, dzanja limodzi paphewa lina m'chiuno, ndipo anati ndisadutsitse nthawi yaitali ali chogonera mbali imodzi, angatuluke zilonda. Anandionetsa sipuni yawo, yaing'ono, chifukwa yaikulu imawatsamwitsa.

“Ndipo akakufunsani kuti kunja kukuzizira kapena ayi, alamu, musayankhe za kunja,” anatero monong'ona. “Ndiye kuti adzinyowetsa, akuchita manyazi kunena. Ingosinthani kapulana mukucheza nawo zina.”

Zaka zonsezo ine ndinkawayankha amayi anga za nyengo.

Sanawadzutse kuti atsanzikane. Anangowafunditsa bwino kumapazi n'kutuluka. Achimwene anali atakwera kale shapa, minibasi ya ku Tete, dzulo lake.

Amayi atadzuka ndinabwera ndi phala. Anayang'ana kukhomo, kudikira wina kumbuyo kwanga. Kulankhula kunkawavuta, mawu ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa, koma ndinamva.

“Mwana wanga ali kuti?”

“Ndili pano, amayi.”

“Sindikunena iwe.”

Ndinawauza kuti alamu apita kwawo.

“Kwawo kuti? Si kuno kwawo?”

Phala lija anadya masipuni awiri n'kutseka pakamwa. Antchito anabwera atatu motsatizana, aliyense n'kuthawa, ndipo ine ndinabwerera ku Loweruka langa la shuga ndi sabau. Amayi anakhala miyezi inayi. Anamwalira ndi zilonda kumsana, ndipo miyezi yonseyo sanandifunsenso kanthu kalikonse.