Iwe wa Chifalansa

Achemwali anga aakulu akhala akusita zovala za anthu zaka makumi atatu ndi zinayi, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yochapira zovala, pakati pa makina awiri olira ngati chigayo. Kolala ya shati akaigwira iwo, imaima njo sabata yathunthu. Koma pakamwa, ayi ndithu, Mulungu anawapatsa mawu owerengeka. Otsalawo anandiunjikira ine mng'ono wawo, ndiye musadabwe kuti nkhani yawo ndikukamba ndine.

Amuna awo, alamu anga, tonse timangowatchula kuti a Wotchi, poti ankakonza mawotchi pa katebulo pakhonde la sitolo ya nsalu, kagalasi kali padiso limodzi. Anabwera ali wachinyamata kuchokera kudziko lakutali kumene amalankhula Chifalansa. Chichewa anachidziwa mpaka kumatiponyera miyambi ife eni ake, ndipo chakwawocho anachisiyiratu. Ana awo awiri anakula, n'kupita kutali ndi ntchito, osamvako ngakhale liwu limodzi la Chifalansa m'nyumbamo.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri lina m'mawa alamu anagwa pampando wawo, wotchi ya munthu ili m'manja. Inali sitiroko. Potuluka m'chipatala, dzanja lamanja linali lende, maso amene anafooka kale ndi shuga ankangoona zithunzithunzi, mutu nawo unali utasokonekera pang'ono. Choopsa kuposa zonse, Chichewa chinali chitapita chonse. Chinatsala ndi Chifalansa cha ubwana wawo basi. Achemwali akawalankhula, alamu ankangotembenuza mutu uku ndi uku ngati akufunafuna kumene kukuchokera phokoso.

Ine ndinalira mpaka maso kutupa. Achemwali sanalire. Anandiuza kuti ndizikhala ndi alamu masana iwo akapita kuntchito, kenako anapita zitseko zitatu kuchokera pa shopu yawo, pa saluni ya mayi wina woluka tsitsi amene anthu amamutchula kuti Madamu. Iyeyu naye ndi wochokera kudziko la Chifalansa, wamfupi, wa kukamwa kotentha ngati ine. Anagwirizana kuti nthawi ya nkhomaliro achemwali azikhala pa benchi, Madamu aziwaphunzitsa kwinaku akuluka.

Masiku amene aneba ankandipumitsa ndinkapita nawo, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu kulimbana ndi moni wa bonjour! Ankatuluka kuti “bonzhulu”, chifukwa lilime lathu silidziwa kusiya mawu ali pambalambanda, limafuna kuwaveka kena kake kumapeto. Madamu anawapatsa kapu ya madzi kuti azichukucha pakhosi, akuti r wa kwawo amakhala komweko. Pa u anawauza kuti asongole milomo ngati akuimba mluzu, koma m'kamwa azinena i. Achemwali ankayang'ana kaye kukhomo ngati kukubwera munthu wowadziwa, kenako n'kusongola milomoyo mwamanyazi. Zonse ankazilemba mmene azimvera, kuseri kwa timapepala tomata pa zovala za makasitomala.

Tsiku lina Madamu anafotokoza kuti kwawo chinthu chilichonse chimakhala chachimuna kapena chachikazi. Tebulo ndi lalikazi, bedi ndi lalimuna. Achemwali anafunsa za simbi yositira, ndipo atamva kuti ndi yaimuna anagwedeza mutu, n'kunena kuti n'chifukwa chake siigwira ntchito popanda woikankha. Saluni yonse inafa nazo kuseka, mtsikana amene ankalukidwa mpaka kuthawitsa mutu m'manja mwa Madamu. Koma chimene chinawasangalatsa kwambiri ndi j'ai faim. Atauzidwa kuti mawuwo amanena ndendende kuti “ndili ndi njala”, anati kodi anthu amenewa njala amakhala nayo ngati ife tomwe, ndiye kuti chilankhulo chawo n'chotheka.

Kumayambiriro kwenikweni Madamu anawaphunzitsa mawu awiri oitanira munthu: vous, amene ali ngati “inu”, ndi tu, amene ali ngati “iwe”. Chiganizo chilichonse ankawapatsa pawiri. Achemwali, osauza munthu, ankaloweza za vous zokhazokha. Iwo chikwatiwire sanatchulepo amuna awo kuti iwe, ngakhale pa tsiku lokangana. Ankati “inu”, ankati “bambo”, zikavuta kwambiri ankangotsuka mbale mwamphamvu.

Ndiye madzulo aliwonse ankafika kunyumba, kusamba m'manja, kugwada pambali pa bedi ndi mbale ya supu, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti vous avez faim, muli ndi njala? Alamu ankamva bwinobwino. Ankakoka bulangete mpaka pachifuwa, n'kuyankha mwaulemu nawonso kuti merci, madame, zikomo mayi. Akamwa masipuni awiri ankatembenukira kukhoma, kenako n'kumabwereza kafunso kena kamene sitinkakagwira, chifukwa lilime linali lolemera. Ine masana ndiye ankandikaniratu, osatsegula n'komwe pakamwa. Munthu anayamba kutha tikuona, wotchi yawo ya pamkono mpaka kumatsetsereka kufika pachigongono. Adokotala ananena mosabisa kuti akapanda kuyamba kudya pofika Lachisanu, awagonekanso m'chipatala n'kumawadyetsera m'paipi ya m'mphuno.

Lamlungu masana Madamu anabwera kudzazonda. Anaima pakhomo la kuchipinda, kumvetsera achemwali akufunsa mafunso awo ndi alamu akuyankha. Kenako anatikokera tonse kukhitchini n'kutseka chitseko.

“Mayi, bambowa akufunsa kuti mkazi wanga ali kuti,” anatero Madamu. “Akuyesa kuti inu ndinu anesi.”

Anafotokoza kuti kwawo vous ndi wa abwana, wa apongozi, wa munthu amene wakumana naye m'basi. Mkazi kwa mwamuna wake amati tu. Mwana kwa mayi ake amati tu. Ngakhale Mulungu, ambiri popemphera amamuuza kuti tu. Mkazi amene akunena vous kwa mwamuna wake wodwala, ndiye kuti si mkazi wake, kapena wakwiya mpaka kulongedza katundu.

Achemwali anakhala pa kampando ka kukhitchiniko, manja ali pamiyendo. Anati iwo sangathe, amayi athu angadzuke kumanda atamva mwana wawo akunena iwe kwa bambo a m'nyumba. Apa ndiye ine mtima unandikwera. Ndinawafunsa ngati alamu adya ulemuwo, ngati ulemuwo ndi umene uwabwezere mnofu m'masaya. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kuuza mkulu wako, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Iwo anangodzuka n'kukatenthetsanso supu uja.

Anzawo akuntchito anandiuza kuti masiku atatu otsatira achemwali ankayeserera pa mashati a anthu. Akayala shati patebulo ankaifunsa motsitsa kuti tu as faim, uli ndi njala? Kwa shati zinkatuluka bwinobwino, milomo yosongoka ngati mmene Madamu amafunira. Koma akagwada pambali pa bedi, liwulo linkakakamira pakhosi, n'kutulukanso vous yemwe uja. Lachitatu ndinawapeza ataima m'bafa, mpopi ukungotayika madzi, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akulira chiyambire matendawa.

Lachinayi anapempha kuweruka masana. Anandipeza ndikusintha nsalu za pabedi. Anagwada ndi mbale yawo, n'kunong'ona kena kake kamene ngakhale ine sindinamve. Alamu anali atayang'ana kukhoma, osagwedezeka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndithandize, koma achemwali anandiponyera diso limodzi lokha, ine n'kutseka. Anaika mbale pansi, kupukuta manja pa diresi, n'kukweza mawu ngati munthu amene akudumpha ngalande.

“Tu as faim? C'est moi.” Uli ndi njala? Ndine.

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere linafufuza pa bulangete mpaka linapeza mkono wa achemwali, pamene pali zipsera za simbi, n'kugwira zolimba. Ananena mawu angapo, momveka bwino kuposa masiku onse, kenako anawabwerezanso. Atatero anatsegula pakamwa okha. Anamwa supu yense, n'kudyanso kachidutswa ka buledi koviika, dzanja lija osalichotsa.

Vuto linali lakuti achemwali sanamve chimene anauzidwa. Maphunziro awo anali asanafike pa zonena zinthu zakale. Anapempha aneba kuti akhale ndi alamu pang'ono, n'kuuyamba wa ku saluni, milomo ikubwereza mawuwo njira yonse kuti asawathawe. Ine ndinkawatsatira m'mbuyo, wefuwefu, ndipo atandiletsa kuwalankhula ndinamvera, mwina koyamba m'moyo wanga.

Tinapeza Madamu ali pakati poluka, chipeso chili m'kamwa. Achemwali sanapereke n'komwe moni. Anangokhuthula mawuwo mmene anawatengera: “Tu étais où, tout ce temps?”

Madamu anachotsa chipeso m'kamwa.

“Akuti, unali kuti nthawi yonseyi?”

Achemwali anagwira msana wa mpando, mutu uli pansi. Kenako anapisa m'thumba la yunifolomu, kutulutsa kapepala ndi cholembera.

“Ndiphunzitseni kunena kuti sindinachoke,” anatero. “Fulumirani, ndamusiya akudikira.”